Za mwana wanu wa zaka zisanu ku Nkhotakota

Achemwali, mwafunsa komwe mungapeze zophunzitsira mwana pa foni pomwe bandulo ikudula, netiweki nayo ikumavuta mukangochoka pa boma.

Yambani ndi African Storybook, pulogalamu ya pa foni ya timabuku ta nthano za ana. Timabuku take ndi taulere, ta zithunzi, ndipo tilipo ta Chichewa. Mukasowa, fufuzaninso pa dzina loti Chinyanja. Tsitsani tingapo tsiku lomwe mwapita ku boma, kunyumba muzikawerenga opanda intaneti. Ine ndimaikonda chifukwa mwana amayamba kuwerenga m'chilankhulo chomwe amayankhula kale, sakhala akulimbana ndi zilembo ndi Chingerezi nthawi imodzi.

Akili and Me, katuni ya bungwe la Ubongo la ku Tanzania, ili pa YouTube ndipo imaphunzitsa manambala ndi zilembo, koma mavidiyo amadya bandulo kwambiri. Khan Academy Kids, pulogalamu ya pa foni yophunzitsira ana, ndi yaulerenso, kungoti ndi ya Chingerezi.

Chonde musamusiyire foni yekha. Khalani naye pakhonde mphindi 20, muzimufunsa zomwe akuona pachithunzi, kenako awerenge usipa kapena timiyala, alembe zilembo pamchenga. Akadzayamba Sitandade 1, mukafunse aphunzitsi ngati matabuleti a BEFIT, pulogalamu ya boma yophunzitsira ana kuwerenga ndi masamu m'masukulu a pulayimale, anafika pasukulupo.