Mafunso a Owerenga: Kusamalira Mitsinje Imene Zombo Zimayendamo

Funso: Akonzi, ndinamva kuti mayiko ena amawononga ndalama zambiri chaka ndi chaka pokumba mchenga m'mitsinje kuti zombo zizidutsa. Kodi mtsinje si njira imene inakonzeka kale mwachilengedwe? Bwanji osatenga ndalamazo n'kumangira misewu ya tala kapena njanji?

Yankho: Funso lanu ndi lomveka, ndipo anthu ambiri amaganiza chimodzimodzi. Koma mtsinje sukhala momwe unalili chaka chatha. Madzi amanyamula mchenga ndi matope kuchokera kumtunda, ndipo akafika pamene akuyenda pang'onopang'ono, monga pokhota kapena pafupi ndi mathiriro, amazisiya pansi. Malo amene anali akuya amasanduka osaya, ndipo nthawi zina njira yeniyeni ya madzi imasamukira tsidya lina madzi osefukira akaphwera. Chombo chikadzaza katundu chimamira kwambiri m'madzi, choncho malo amodzi okha osaya pa ulendo wa makilomita mazanamazana ndi amene amalamula kuchuluka kwa katundu amene chombocho chinganyamule. N'chifukwa chake pamafunika anthu oyeza kuya kwa madzi kawirikawiri, makina okumba pansi pa mtsinje, zizindikiro zoyandama zosonyeza podutsa, komanso ntchito yochotsa mitengo yogwera m'madzi ndi zomera ngati namasupuni.

Chitsanzo chabwino ndi mtsinje wa Mississippi ku United States. Kumeneko nthambi ya akatswiri a zomangamanga a asilikali, yotchedwa Army Corps of Engineers, ili ndi udindo woonetsetsa kuti chigawo chakumtunda cha mtsinjewu chili ndi njira yakuya mamita osachepera 2.7. Pakati pa mizinda ya Minneapolis ndi St. Louis pali madamu oposa 25, ambiri mwa iwo omangidwa m'zaka za m'ma 1930, ndipo damu lililonse lili ndi chipata chimene chombo chimalowamo, zitseko n'kutsekedwa, madzi n'kuwonjezedwa kapena kuchepetsedwa mpaka chombocho chitalingana ndi madzi a mbali inayo.

Tsono phindu lake lili pati? Chombo chimodzi chophwatalala pansi cha mtundu umene umagwiritsidwa ntchito kumeneko chimanyamula matani pafupifupi 1,500, katundu amene angafune malole pafupifupi 60. Zombo 15 zotere zimamangiriridwa pamodzi n'kumakankhidwa ndi boti limodzi la injini. Pa katundu wolemera koma wosafuna changu, monga chimanga, soya, feteleza, malasha, simenti ndi miyala ya chitsulo, palibe msewu umene ungapikisane ndi mtengo wa pamadzi. Mbewu zambiri zimene United States imagulitsa kunja zimatsetsereka mu Mississippi kupita ku madoko a kufupi ndi New Orleans, ndipo mlimi wa kutali ndi nyanja amalandira mtengo wabwinoko chifukwa ndalama yonyamulira yachepa. Ine sindikunena kuti misewu ndi njanji n'zosafunika, pakuti katundu ayenera kufika padoko ndi kuchokapo. Koma kuika katundu yense wolemera pa msewu kumaononga tala msanga, ndipo ndalama zimene mwapulumutsa posiya mtsinje mudzazilipira pokonza misewuyo.

Funso: Nanga kukachita ng'amba madzi n'kuchepa, kukumbako kumathandiza chiyani?

Yankho: Kumathandiza pang'ono, koma sikungabweretse madzi amene mvula sinagwetse. Zimenezi zinaoneka poyera pa mtsinje wa Rhine, umene umalumikiza doko la Rotterdam ku Netherlands ndi mafakitale a ku Germany ndi Switzerland. M'chaka cha 2018, komanso mu 2022, madzi anachepa kwambiri pa malo otchedwa Kaub ku Germany, pamene mtsinjewu ndi wosaya, moti zombo zambiri zinkanyamula katundu wosafika ngakhale theka la mlingo wake. Mtengo wonyamulira unakwera, mafuta anavuta kupeza m'madera ena, ndipo kampani yopanga makemikolo ya BASF inachepetsa ntchito pa fakitale yake ya ku Ludwigshafen mu 2018 chifukwa zipangizo sizinkafika mokwanira. Ku South America nako, mtsinje wa Paraná unaphwa koopsa mu 2021, ndipo zombo zonyamula soya ndi chimanga pa madoko a ku Rosario m'dziko la Argentina zinkachoka zisanadzaze.

Chimene chingachitike ndi kukonzekeratu. Makampani ena a pa Rhine ayamba kupanga zombo zosamira kwambiri, zimene zingadutse ngakhale madzi atachepa, ndipo akatswiri a zanyengo amalengezeratu kuya kwa madzi kuti amalonda adziwe kuchuluka kwa katundu woti apakire. Koma ine ndimaona kuti ntchito yaikulu, imene kawirikawiri imaiwalika, ili kumtunda kumene mtsinje umayambira. Nkhalango zikadulidwa ndipo anthu akamalima mpaka m'mphepete mwa madzi, nthaka imakokoloka n'kudzaza mtsinje, ndipo madzi a mvula amathamanga onse nthawi imodzi m'malo molowa pansi kuti azidyetsa mtsinjewo m'chilimwe. Boma limene likulipira makina okumba koma osateteza magwero a mtsinje likutunga madzi ndi dengu. Tisaiwalenso kuti kukumba mopyola muyeso ndi kuwongola malo okhota a mtsinje kumaononga malo oswanirana nsomba ndi kuumitsa madambo, choncho asodzi ndi alimi a m'mphepete ayenera kufunsidwa ntchito isanayambe.

Funso: Mitsinje ikuluikulu imadutsa m'mayiko angapo. Ndani amayenera kuisamalira?

Yankho: Nkhaniyi ndi yakale. Bungwe loyang'anira kayendedwe ka zombo pa Rhine linakhazikitsidwa mu 1815 pa msonkhano wa ku Vienna, ndipo likugwirabe ntchito mpaka lero ku Strasbourg m'dziko la France. Pangano la ku Mannheim la mu 1868 linatsimikiza kuti zombo ziziyenda momasuka pa mtsinjewu popanda msonkho wongolipirira kudutsa, ndipo dziko lililonse limasamalira chigawo chake. Mu 1992 mayiko a Argentina, Bolivia, Brazil, Paraguay ndi Uruguay anasainanso pangano la njira ya pa mitsinje ya Paraguay ndi Paraná, yotalika makilomita pafupifupi 3,400.

Mapangano otere ndi ofunika kwambiri kwa mayiko amene alibe gombe la nyanja yamchere. Dziko la Paraguay limatumiza katundu wake wambiri kunja kudzera mumtsinje, ndipo mzinda wa Bangui ku Central African Republic umadalira mitsinje ya Ubangi ndi Congo, ngakhale kuti m'miyezi ya chilimwe zombo zikuluzikulu zimalephera kufika chifukwa cha kuchepa kwa madzi. Dziko la kumunsi likaleka kukumba chigawo chake, kapena likakweza msonkho mosafunsa anzake, amene amavutika ndi amalonda ndi alimi a kumtunda, omwe alibe mphamvu pa zosankha za boma la eni. Pa chifukwa chimenechi pangano labwino limafotokoza momveka kuya kwa madzi kumene dziko lililonse liyenera kusunga, amene alipire ntchitoyo, ndi kumene mkangano ukaweruzidwe ukabuka.