Kodi n'kulakwa kusangalala wachifwamba akaphedwa ndi munthu wodziteteza?

Mayi wina wochita malonda a mbatatesi ku Ulongwe, m'boma la Angónia kuno ku Mozambique, wanditumizira imelo. Akuti m'dera lawo anyamata okhala ndi mfuti ndi zikwanje anathyola chitseko cha bambo wina wa golosale pakati pa usiku, ndipo bamboyo, amene ali ndi mfuti ya chilolezo, anawombera mmodzi, yemwe anafera pakhonde pomwepo, anzakewo n'kuliyatsa liwiro. Kutacha anthu anakhamukirako, amayi ena analuluta, achinyamata anajambula mtembowo pa foni, ndipo dzuwa lisanafike paliwombo zithunzi zinali zitazungulira m'magulu a WhatsApp ndi mawu akuti "lakwana la 40". Mayiwa akuti nawonso anakondwera, koma madzulo ataona mayi ake a mnyamatayo atakhala pansi kunja kwa komando ya polisi popanda wowapepesa, mtima unawapweteka. Akufunsa ngati analakwa posangalala, komanso chifukwa chake apolisi anatenga mwini golosaleyo kukamufunsa mafunso pamene iye ndiye anathyoleredwa nyumba.

Mayi, mpumulo umene munaumva pomva kuti mnansi wanu ali moyo, mkazi wake sanagwiriridwe ndipo ana ake sanakhapidwe, si chinthu chochita nacho manyazi. Aliyense amene anagonapo akumvetsera kuuwa kwa agalu, ndalama za fodya kapena za mbatatesi zili pansi pa mphasa, amadziwa kuti mantha a achifwamba si nkhambakamwa. Kuno ku Angónia, Tsangano ndi Macanga mlimi amalandira ndalama za chaka chonse m'masabata ochepa okha, ndipo mbava zimaidziwa nyengo imeneyi bwino lomwe. Anyamata onyamula anthu pa njinga zamoto ndiponso osinthitsa ndalama za pa foni za M-Pesa ndi e-Mola m'timisasa ta m'mbali mwa msewu amakhala tcheru chaka chonse. Midzi yambiri ili kutali ndi polisi, misewu yake ndi yoti nthawi ya dzinja galimoto imatitimira, choncho munthu akathyoleredwa chitseko usiku amadziwa kuti thandizo lifika zonse zitatha kale.

Mfutinso sizinagwe kumwamba. Nkhondo ya pachiweniweni imene inayamba mu 1977 n'kutha ndi pangano la ku Rome pa 4 Okutobala 1992 inasiya zida zambirimbiri m'manja mwa anthu ndi m'maenje a m'tchire, ndipo chigawo chathu cha Tete chinali pakati pa zigawo zimene zinasakazidwa kwambiri, moti midzi yathunthu inathawira ku Dedza, Ntcheu ndi Mwanza. Kuyambira mu 1995 bungwe la mipingo ya Chikhristu m'dziko muno, motsogozedwa ndi Bishopu Dinis Sengulane, linayamba kusinthanitsa mfuti ndi makasu, njinga, malata ndi makina osokera, ndipo linatolera zida zoposa 600,000. Imeneyo inali ntchito yaikulu, komabe sizinatoleredwe zonse.

Nthungululu zimene munamva m'mawa umenewo, mmene ndikuonera ine, zinkanena zambiri za makhothi kuposa za mnyamata wakufayo. Anthu anatopa ndi kugwira wakuba, kumupereka kupolisi, kenako n'kukumana naye pamsika sabata isanathe akuwaloza chala. Nthawi zina pamakhaladi ziphuphu, ndipo tisabise. Koma nthawi zambiri chimachitika n'chakuti lamulo limafuna kuti wogwidwa aonekere kwa woweruza pasanathe maola 48, ndiye ngati woberedwayo ndi mboni zake aopa kukapereka umboni, woweruza amasowa pogwira n'kumumasula. Anthu akumudzi sauzidwa zimenezi. Iwo amangoona mbava yabwerera, n'kutsimikiza mumtima kuti chilango chokha chimene sichingasinthidwe ndi ndalama ndi imfa.

Tibwere ku funso lanu la apolisi. Gawo 40 la malamulo aakulu a dziko la Mozambique limati munthu aliyense ali ndi ufulu wokhala ndi moyo ndipo m'dziko muno mulibe chilango cha imfa, chimene chinathetsedwa mu 1990. Ngati boma lenilenilo linadziletsa kupha ngakhale chigawenga chimene khothi lachipeza cholakwa, silingangotseka maso munthu wamba akapha mnzake, kaya wophedwayo anali woipa chotani. Malamulo a milandu, amene anakonzedwanso ndi lamulo nambala 24/2019, amavomereza kudziteteza, kumene maloya amakutcha legítima defesa, koma amafuna kuti zinthu zingapo zioneke poyera: kuti chiwembucho chinali chikuchitika kapena chinali pafupi kuchitika nthawi yomweyo, kuti wodzitetezayo sanaiyambe dala ndewuyo, kuti panalibe mpata woitana apolisi, ndiponso kuti mphamvu imene anagwiritsa ntchito inali yofunikadi kuti apulumuke. Ndiye chifukwa chake a SERNIC, nthambi yofufuza milandu, amafuna kuona pamene mtembo wagwera, kumene chipolopolo chalowera, mmene chitseko chathyokera ndi pepala la chilolezo cha mfuti, kenako nkhaniyo imapita kwa oimira boma pa milandu. Kufunsidwa kumeneko sikutanthauza kuti munthu wapezeka wolakwa. Ngati zinachitika monga mwafotokozera, kufufuza komweko ndiko kudzamuyeretse bamboyo, kuti pasadzapezeke wina womunena mawa kuti anapha munthu chifukwa cha ngongole kapena nkhani ya mkazi n'kunamizira umbava.

Malire ake ndi opyapyala, ndipo anthu ambiri sawadziwa. Wachifwamba amene wakuloza mfuti m'nyumba mwako ndi wosiyana, pamaso pa lamulo, ndi yemweyo atataya chikwanje n'kumathawa kulowera m'munda wa chimanga. Kumuwombera kumsana pamenepo, kapena kumumenya atamangidwa kale ndi chingwe pamtengo wa mango, kumasanduka kubwezera, ndipo wochita zimenezo akhoza kuimbidwa mlandu wakupha. Inu amene mumawerenga Baibulo mukaone Eksodo 22, pamene malamulo a Mose amasiyanitsa mbala yophedwa ikuboola nyumba usiku ndi mbala yophedwa dzuwa litatuluka. Nzeru imeneyi ndi yakale, kuti chimene chimalungamitsa munthu ndi ngozi imene anali nayo pa nthawiyo, osati mkwiyo wake.

Apa ndi pamene nthungululu zija zimandidetsa nkhawa kwambiri. Khamu likamasangalala silifunsa za malire amenewa. Mnyamata wa zaka 14 amene anaima pamenepo akujambula mtembo sanaphunzire kuti munthu ali ndi ufulu wodziteteza. Waphunzira kuti mbava ikafa anthu amaomba m'manja. Tsiku lina wina akadzakuwa kuti "wakuba!" pamsika, mnyamata yemweyo adzakhala woyamba kutola mwala. Dziko lathu likuidziwa njira imeneyi, chifukwa ku Beira, ku Chimoio ndi m'madera ozungulira Maputo anthu oganiziridwa umbava akhala akuvekedwa tayala m'khosi n'kuthiridwa petulo, ndipo oimira boma pa milandu akhala akudandaula za mchitidwewu chaka ndi chaka. Pamenepo palibe amene akudziteteza, chifukwa munthu mmodzi wogwidwa ndi anthu makumi asanu saopseza moyo wa wina aliyense. Kwathu kuno kumalire, kumene anthu amadutsa pa Calómuè ndi pa Zóbuè tsiku ndi tsiku, ndipo aganyu ochokera ku Malawi amayenda m'midzi kufuna minda yopalira, mlendo wosadziwika amene wasokera njira madzulo ndiye woyamba kulozedwa chala. Mwana wanu akapita ku Moatize kukafuna ntchito, kumeneko mlendo ndi iyeyo. Akuluakulu anati chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe.

Pali munthu winanso amene osangalalawo amamuiwala, ndiye wowomberayo. Anthu amamutcha ngwazi, amamugwira chanza, ena amafuna kumugulira mowa, koma usiku amatsala yekha ndi khonde limene mkazi wake wakolopa magazi m'mawa. Anthu otere ambiri sagona tulo, amadzidzimuka chitseko chikangogunda ndi mphepo, chakudya sichiwalowa, ndipo amaopa kuti anzake a wakufayo abwera kudzabwezera. Zithunzi zimene zikuzungulira pa WhatsApp zikuonetsa chitseko chake, utoto wa golosale yake ndi njira yofikira pakhomo pake, choncho aliyense wozitumiza kwa ena akuwonjezera ngozi pa banja limene akuti akulinyadira. Makolo athu ankadziwa kuti kukhetsa magazi n'kolemera ngakhale kwa munthu wosalakwa. Nkhondo itatha, m'madera ambiri a dziko lino amuna obwera kunkhondo ankayamba asambitsidwa ndi mankhwala kapena kupemphereredwa asanalowe m'nyumba ndi kudya ndi abale awo. Palibe ankaluluta chifukwa cha anthu amene amunawo anapha. Ankaluluta chifukwa chakuti mwana wawo wabwera wamoyo.

Ndiye yankho langa kwa inu, Mayi, ndi lakuti simunalakwe pokondwera kuti mnansi wanu wapulumuka, ndipo simunalakwenso pomva chisoni ndi mayi uja wakhala kunja kwa komando. Ine sindikumuchepetsera mlandu mnyamatayo. Anasankha yekha kunyamula chida n'kulowa m'nyumba ya eni ake, ndipo akanapeza mpata mwina bwenzi maliro ali kwa bambo wa golosaleyo. Koma mayi ake sanathyole chitseko cha munthu, ndipo mwambo wathu sunalolepo kuti namfedwa asekedwe. Ngati mukuwadziwa, kupita kukakhala nawo pasiwa kwa kanthawi sikutanthauza kuti mwavomereza umbava, ngakhale ena adzakuyang'anani ndi diso loipa.

Zithunzi zili m'foni mwanuzo zifufuteni, ndipo musazitumize kwa wina. Ngati munamva kuthyoledwa kwa chitseko, kukuwa kwa ana kapena kulira kwa mfuti usiku umenewo, kapena munaona zikwanje zimene zinasiyidwa pakhonde, uzani mfumu kapena mlembi wa dera lanu kuti akuperekezeni kupolisi mukanene zimene mukudziwa, osawonjezera kapena kuchotsera. Mnansi wanuyo akufunika mboni zotere kuti mlandu wake uthe msanga, ndipo anzake a wakufayo akadzagwidwa, woweruza adzafunanso anthu a m'dera lanu olimba mtima kukaima m'khothi, kuti pasanathe sabata musadzakumane nawonso pamsika wa Ulongwe.