Combination ya m'masamu, ya pa loko ndi ya kuchipatala sizifanana

Wowerenga wina amene akukonzekera mayeso watilembera kalata ya pa imelo. Akuti aphunzitsi ake amati pa combination zilibe kanthu kuti chayamba n'chiti, chatsiriza n'chiti, komabe loko wa sutikesi yake, amenenso amatchedwa combination, satseguka akasinthanitsa manambala. Akufunsa kuti wolondola ndani.

Aphunzitsi anu akunena zoona. Kungoti ntchito iliyonse inatenga dzinali n'kulipatsa tanthauzo lakelake.

Tiyambe ndi masamu. Gulu la banki mkhonde lili ndi anthu 10 ndipo likufuna kutuma atatu kumsika. Woyamba mungamusankhe pa anthu 10, wachiwiri pa 9, wachitatu pa 8. Mukachulukitsa, 10 × 9 × 8 ndi 720. Koma anthu atatu omwewo mutha kuwandandalika m'njira 6 (3 × 2 × 1), chonsecho opita kumsika ndi omwewo. Gawani 720 ndi 6, mupeza 120. Imeneyo ndiye combination. Tsopano ngati atatuwo akusankhidwa kukhala wapampando, mlembi ndi msungichuma, musagawe, chifukwa kusinthana mipando kumasintha zinthu. Yankho likhala 720, ndipo dzina lake ndi permutation. Ophunzira ambiri amataya malikisi pamenepa, pothamangira kuwerengera asanadzifunse ngati maudindo akusiyana.

Loko wanu ali mbali yachiwiriyi: 4-7-2 si 2-7-4. Komanso nambala imatha kubwerezedwa, ndiye mawilo atatu a lokoyo, lililonse la manambala 10, amapereka 10 × 10 × 10, kutanthauza njira 1,000. Munthu woyesa imodzi pa masekondi awiri alionse angazimalize zonse pa mphindi pafupifupi 33. Gulani wa mawilo anayi, wa njira 10,000.

Kuchipatala n'kumene tikufuna mumvetsetse, poti kumeneko kulakwitsa kumatengetsa moyo. Combination ya kumeneko ndi mankhwala angapo ogwira ntchito limodzi, kawirikawiri m'piritsi limodzi. LA, amene Malawi inayamba kugwiritsa ntchito pa malungo mu 2007 mankhwala akale a SP atafooka, ali ndi artemether 20 mg ndi lumefantrine 120 mg m'piritsi lililonse. Artemether amapha tizilombo tambiri mwachangu koma sakhalitsa m'thupi. Lumefantrine amatsalira masiku angapo n'kumaliza totsalato. Munthu wolemera makilogalamu 35 kapena kuposerapo amamwa mapiritsi anayi kawiri pa tsiku kwa masiku atatu, onse pamodzi 24, ndipo tsiku loyamba ulendo wachiwiri umabwera pakatha maola 8. Imwani mutadya chakudya cha mafuta pang'ono kapena mkaka, chifukwa lumefantrine salowa bwino m'magazi m'mimba mukakhala mopanda kanthu.

Mankhwala a HIV otchedwa TLD nawonso ndi atatu m'piritsi limodzi: tenofovir, lamivudine ndi dolutegravir. Kachilombo kamene kazolowera mankhwala amodzi kamagwidwa ndi enawo.

Chimene chimawononga kwambiri ndi kusiyira panjira. Munthu akayamba kupeza bwino tsiku lachiwiri amasunga LA wotsala kuti adzapatse mwana akadzadwala. Tizilombo totsala timachulukananso, malungo n'kubwerera pakapita milungu yochepa, ndipo mwanayo adzalandira mlingo wosayenera thupi lake. Malizani mapiritsi onse, ndipo mukasanza mutangomwa kumene, bwererani kuchipatala akakuuzeni ngati mubwereze.