Kwa mayi amene mwana wawo ali ku Israel: za Iran ndi bomba la nyukiliya

Mayi, funso lanu ndinaliwerenga usiku ndipo tulo tinandivuta. Mwati mnyamata wanu ali m'gulu la achinyamata amene anapita ku Israel kukagwira ntchito m'minda, ndipo mukumva kuti dziko la Iran likupanga bomba la nyukiliya loti lifafanizire Israel. Mukufuna kudziwa ngati zili zoona, komanso ngati mumuuze kuti abwereko. Pansi pa funso lanu wina wayankha kuti ndi mabodza a azungu, wina akuti Asilamu ndi otero. Mayankho awiri onsewo sakukuthandizani. Mwana wa mnzako ngwako yemwe, choncho mundilole nditalikitse. Ndinaphunzitsa sayansi ku sekondale kwa zaka zambiri, ndipo nkhaniyi ndinayamba kalekale kuitsatira.

Ndiyambe ndi chimene chingakukhazikeni mtima pansi. Kufikira pamene nkhondo ya pakati pa Israel ndi Iran ya mu Juni 2025 inkayamba, panalibe amene anaonetsa umboni woti Iran ili ndi bomba. Ngakhale amene anali mkulu wa akazitape a ku America panthawiyo, Tulsi Gabbard, anauza aphungu a dziko lake mu Malichi chaka chomwecho kuti Iran sikupanga bomba. Koma nditati ndilekere pomwepa ndiye kuti ndakunamizani, chifukwa mantha mukuwamvawo ali ndi pogwira.

Nkhani yonse yagona pa mwala wotchedwa yureniyamu, womwe uja amakumba ku Kayelekera m'boma la Karonga. Ukangotuluka pansi sungaphulike. Ana asukulu ndinkawafotokozera chonchi. Thirani nyemba 1,000 m'lichero. Mwa zonsezo, 7 zokha ndi zofiira, zotsalazo ndi zoyera. Zofiirazo ndiye zili ndi ntchito, asayansi amazitcha U-235. Mukachotsa zoyera mpaka m'lichero mutsale nyemba 175, zofiira zakwana 4 pa 100 zilizonse, ndipo umenewo ndi mlingo wopangira magetsi. Taonani, mwachotsa kale nyemba 825. Mukapitiriza mpaka zitsale 35, mwafika pa 20 peresenti. Zikatsala 12, muli pafupi ndi 60 peresenti. Bomba limafuna pafupifupi 90 peresenti, ndiye kuti m'lichero mutsale nyemba 8. Kuchoka pa 12 kufika pa 8 ndi kutola nyemba zinayi basi. Thukuta lonse limagwa koyambirira. Kufakitale sasankha ndi manja, amausandutsa mpweya n'kuupota m'makina masauzande olumikizana otchedwa centrifuge. Chitsanzochi ndachipeputsa, koma mtima wa nkhaniyo ndi womwewo.

Tsono Iran inayamba kuyenga yureniyamu mpaka 60 peresenti mu Epulo 2021, patangopita masiku ochepa fakitale yake ya ku Natanz itaonongedwa mwachiwembu. Bungwe la IAEA, limene limayendera malo a nyukiliya padziko lonse, linalengeza mu Meyi 2025 kuti yureniyamu wotere wapitirira makilogalamu 400. Pa kawerengedwe kawo, makilogalamu pafupifupi 42 atayengedwanso akwanira bomba limodzi, ndiye gawani nokha, mupeza mabomba 9. Palibe dziko lina lopanda zida za nyukiliya limene linkayenga mpaka mlingo umenewu. Malo opangira magetsi a ku Bushehr, okhawo amene Iran ili nawo, amagwiritsa ntchito yureniyamu wosafika 5 peresenti, wochokera ku Russia. Wa 60 peresentiyu ngwantchito yanji? Funso limeneli boma la Iran silinaliyankhe mogwira mtima. Zoona, kukhala ndi ufa sikukhala ndi nsima. Pamafunikabe kumusandutsa chitsulo, kupanga chophulitsira, n'kuchichepetsa kuti chikwane pamzinga. Koma gawo lovuta kwambiri anali atalidutsa.

Chachiwiri ndi kubisa. Iran inasaina pangano loletsa kufala kwa zida za nyukiliya mu 1968, ndipo panganoli limalola kupanga magetsi bola oyendera aziona zonse. Komabe malo a ku Natanz ndi ku Arak anadziwika mu 2002 chifukwa gulu lotsutsa boma linaulula. Mu 2009 atsogoleri a America, Britain ndi France anaululanso malo ena, Fordow, okumbidwa pansi pa phiri pafupi ndi mzinda wa Qom. Ndipo mu Disembala 2015 IAEA inatsimikiza kuti mpaka kumapeto kwa 2003 Iran inali ndi ntchito yolinganizidwa bwino yofufuza kapangidwe ka bomba. Munthu amene mwamupeza kawiri akubisa, ulendo wachitatu akalumbira mumayang'anabe kuseri kwa chitseko.

Ndiye pali mawu. Apa ndi pamene mtima wanga umawawa, chifukwa mawu a atsogoleri amalera ana. Kuyambira 1979, pamene Ayatollah Khomeini anagwetsa ufumu wa Shah, khamu la anthu pamisonkhano ya boma lakhala likufuula kuti imfa kwa America, imfa kwa Israel. Mu Okutobala 2005 pulezidenti Mahmoud Ahmadinejad analankhula mawu amene manyuzipepala anawamasulira kuti Israel ifafanizidwe pamapu. Akatswiri a chilankhulo cha Chiperisiya anatsutsana, ena nati ankanena za boma lolamulira Jerusalem kuti lidzatha, osati za kupha anthu. Chabwino, timupatse mpata umenewo. Koma boma lake lomwelo linachititsa msonkhano ku Tehran mu 2006 wokayikira za kuphedwa kwa Ayuda 6 miliyoni m'nthawi ya Hitler. Mu 2015 Ayatollah Ali Khamenei, amene analowa m'malo mwa Khomeini ngati mtsogoleri wamkulu wa dzikolo mu 1989, ananena kuti Israel sidzakhalapo pakatha zaka 25. Mu 2017 pabwalo lina ku Tehran anaikapo wotchi yaikulu yowerenga masiku otsala kuti chifike chaka cha 2040. Mayi, tayerekezani mnansi wanu wakhoma chikwangwani pakhomo pake chowerenga masiku otsala kuti nyumba yanu ithe, kwinaku mukumumva akunola chikwanje usiku. Simungagone. Ndipo sanali mawu okha. Iran yakhala ikupereka ndalama ndi zida kwa Hezbollah ku Lebanon, Hamas ku Gaza ndi a Houthi ku Yemen, ndipo mu Epulo 2024 inaponya yokha mizinga ndi madironi oposa 300 ku Israel.

Ena amatchula chigamulo chachipembedzo cha Khamenei chonena kuti zida za nyukiliya ndi haramu. Chigamulocho chinaperekedwadi. Koma mu 2024 mmodzi wa alangizi ake ananena poyera kuti dziko lawo likaopsezedwa kotheratu, mfundoyo itha kusintha. Ine sindingaike moyo wa mwana pa mawu amene eni ake akuti angasinthe.

Komanso chilungamo chikufuna ndinene kuti aku Iran nawonso ali ndi zipsera zawo. Mu 1953 akazitape a America ndi Britain anathandiza kugwetsa nduna yawo yaikulu, Mohammad Mossadegh, amene anaika mafuta a dzikolo m'manja mwa boma. Makina oyamba ofufuzira za nyukiliya ku Tehran anawapatsa ndi America yemweyo mu 1967, nthawi imene Shah anali bwenzi lake. Kuyambira 1980 mpaka 1988 Saddam Hussein wa ku Iraq anawathira nkhondo, n'kuwapha ndi mpweya wa poizoni mayiko akuluakulu akungoyang'ana. Anaona Gaddafi wa ku Libya atasiya ntchito yake ya nyukiliya mu 2003, n'kudzaphedwa mu 2011, pamene North Korea, imene inapanga bomba, palibe waikhudza. Ndipo Israel yeniyeniyo sinasaine pangano lija, ndipo akatswiri ambiri amavomereza kuti ili ndi zida zimenezi ngakhale boma lake silivomera kapena kukana. Zonsezi sizikuyeretsa boma la Iran. Zikungotiuza chifukwa chake kuwaopseza kokha sikunawasiyitse. Ndipo ngati angapange bomba sizithera pomwepo, pakuti Mohammed bin Salman wa ku Saudi Arabia ananeneratu mu 2018 kuti Iran ikapanga, nawonso apanga msanga.

Tsopano ndinene maganizo anga, ndipo amene akutsutsa atsutse. Pa zonse zimene zinayesedwa, chimene chinagwiradi ntchito ndi maso a oyendera. Mu Julayi 2015 Iran inagwirizana ndi America, Britain, France, Germany, Russia ndi China. Inavomera kusapitirira 3.67 peresenti, kusasunga yureniyamu woyengedwa woposa makilogalamu 300, ndi kuchepetsa makina aja kuchoka pa pafupifupi 19,000 kufika pa 6,000 ndi pang'ono. Wotsalayo anatumizidwa kunja. M'mafakitale munaikidwa makamera ndi zomatira, oyendera ankalowa n'kutenga fumbi lokapima, ndipo IAEA inachitira umboni mobwerezabwereza kuti Iran ikusunga pangano. Posinthana, zilango za zachuma zinafewetsedwa. Mu Meyi 2018 pulezidenti Donald Trump anatulutsa America m'panganolo, akuti silikukhudza mizinga ndi magulu a zida aja, komanso malire ena adzatha pakapita zaka. Madandaulo amenewo sanali opanda pake, ine ndimawamva. Koma akuluakulu anati fodya wako ndi amene ali pamphuno, wapachala ngwamphepo. Anataya chimene chinali m'manja, ndipo patangopita zaka zitatu tinachoka pa 3.67 n'kufika pa 60.

Kenaka kunabwera mabomba. Pa 13 Juni 2025 Israel inayamba kuphulitsa malo a nyukiliya ndi kupha akuluakulu a asilikali ndi asayansi. Pa 22 ndege za America zinaponya mabomba oboola pansi ku Fordow ndi ku Natanz, mizinga inagwanso ku Isfahan. Nkhondoyo inatenga masiku 12. Ku Israel kunafa anthu pafupifupi 30, ku Iran pafupifupi 1,000, kuphatikizapo anthu wamba ambiri ngati inu ndi ine. Mafakitale anaonongekadi. Koma nzeru yopangira makina aja ili m'mitu ya anthu, ndipo makilogalamu 400 si katundu wovuta kusamutsa. Nkhondo itangotha, Iran inakhazikitsa lamulo loimitsa kugwira ntchito ndi IAEA, ndipo mkulu wa bungweli, Rafael Grossi, anayamba kudandaula kuti anthu ake sakutha kukaona yureniyamu uja. Kale tinkaopa chinthu chimene chinkapimidwa pasikelo n'kulembedwa m'buku. Tsopano anthu anayamba kuopa chinthu chosaoneka. Kwa ine zimenezi n'zoopsa kuposa poyamba.

Kwa m'bale amene walemba kuti Asilamu ndi otero, ndikukupemphani mwaulemu, mawuwo muwachotse. Tikukamba za boma limodzi, lolamulidwa ndi atsogoleri achipembedzo a Chishiya amene mawu awo amaposa a pulezidenti wosankhidwa. Asilamu ambiri a kwathu kuno, ku Mangochi, ku Machinga, ku Nkhotakota, ndi a Chisuni, ndipo alibe gawo lililonse pa zochitika za ku Natanz. Mayiko a Chisilamu a ku Gulf, monga Saudi Arabia, ndi ena mwa amene amaopa kwambiri bomba la Iran. Ndipo oyamba kulira ndi boma limeneli ndi ana ake omwe. Mu Seputembala 2022 mtsikana wa zaka 22, Mahsa Amini, anafera m'manja mwa apolisi oyang'anira kavalidwe, atamugwira kuti sanafunde bwino kumutu. Atsikana ndi anyamata, ambiri mwa iwo Asilamu, anadzaza misewu, ndipo mazana anaphedwa, ena ananyongedwa. Bambo amene amandigulitsa nyama ya mbuzi pamsika wathu ndi Msilamu. Tsiku limene nkhondo ya mu Juni inayamba ndinamupeza atakanikiza wailesi kukhutu, nkhope itagwa, akufunsa funso lomweli mukufunsali, kuti anyamata athu ali kumeneko akhala bwanji.

Ndibwerere kwa mwana wanu. Choopsa chimene chili pafupi ndi iye si bomba la nyukiliya, koma mizinga wamba ndi kuyandikira malire. Pa 7 Okutobala 2023, pamene a Hamas anaukira Israel, ogwira ntchito m'minda ochokera ku Thailand anaphedwa ambiri, pamodzi ndi ophunzira zaulimi awiri a ku Tanzania, chifukwa minda yawo inali m'mphepete mwa Gaza. Zoti abwere kapena akhale, mukambirane pabanja ndi iye mwini, pakuti ndi inu mukudziwa ngongole imene anasiya ndi zimene akutumiza. Ine sindingakulamuleni. Koma akaimba foni musangomufunsa kuti wadya. Mufunseni dzina la dera limene ali, ndi kutalika kwake kuchokera kumalire a Gaza kapena a Lebanon. Mufunseni ngati pamundapo pali chipinda chobisalamo, chimene eni ake amachitcha miklat, ndipo awerenge kuti kuchokera pamene amagona amafikako masekondi angati, ayeseredi kuthamanga, usiku komanso masana. Aike pafoni pake pulogalamu ya boma yochenjeza mizinga ikamabwera, ndipo foniyo asamaizimitse pogona. Pasipoti ikhale m'manja mwake, osati mwa bwana. Asunge nambala ya ofesi ya kazembe wa Malawi ku Tel Aviv, imene inatsegulidwa mu 2024, ndiponso akupatseni nambala za anzake awiri amene amagona nawo, kuti tsiku limene foni yake yakana mukhale ndi woimbira.