Slide imeneyo isayandikire moto, ndaona ine

Achimwene, inu mwafunsa zomata ndi guluu front sight (kachitsulo kolozera kakutsogolo pamwamba pa mfuti) yomwe ikugwedera pa mfuti yanu yakale ya 1911 yopangidwa ndi Ithaca, chonde supa guluu ameneyo mubwezereni komwe mwamutenga, ndipo awa akuti guluu wa JB Weld mu ma comment umu muwakhululukire, sanaonepo front sight ikuuluka. Ine ndangoona chithunzi cha Ithaca yanuyo mutu wayamba kale kuwawa, chifukwa kugwedera mukunenako, koti mukaikhudza ndi chala ikupendekera uku ndi uku, ndi momwenso inayambira ya apongozi anga ndipo nkhani yake mpaka lero tikakumana pa Thanksgiving palibe amaitchula.

Mfuti ya apongoziyo ndi Remington Rand, M1911A1 ya 1943, inali ya bambo awo. Kampani ya ma typewriter ku Syracuse koma pa nkhondo yachiwiri ija inapanga ma 1911 ambiri kuposa Colt mwini wakeyo, Ithaca yanuyo ndi ya nthawi yomweyo kapangidwe nkamodzi. Apongoziwo maso anayamba kuvuta nde anandipatsa ine kuti mwana wanga kaikonzetse, inu mukudziwa mkamwini akatumidwa ndi apongozi momwe amathamangira. Ndinapita nayo pa shopu ina ya mfuti kuno ku Indiana, kumbuyo kuli kachipinda kolembedwa gunsmith, kutanthauza wokonza mfuti, munthu wake woyankhula mokoma, akuti izi nzazing'ono ubwere Lachisanu. Sanafunse ngakhale kuti mfutiyo ndi ya chaka chanji.

Mvetsani kaye momwe kanthuka kanakhalira. Sight ya mfuti za asilikali a America zimenezi, ma GI, siili mu dovetail (kamsewu kodula pa chitsulo kolowetsamo sight cham'mbali) ayi, ilibenso screw. Pansi pake pali kamwendo, tenon, kamalowa pa kabowo ka pamwamba pa slide (chitsulo cha pamwamba pa mfuti chimene chimabwerera m'mbuyo mukawomba) nkutulukira mkati, ndiye mkatimo amakaphwanya mutu kuti katambasuke kagwire, chimodzimodzi rivet ya chigwiriro cha poto. Basi, palibenso china chikuigwira. Kamwendoko pa za nkhondozi nkowonda sikafika ndi 1.5 mm komwe, pa ma Colt a pambuyo pake ndi pomwe anadzakulitsa kupitirira 3 mm. Nde taganizani .45 ACP, chipolopolo cha 230 grain, slide ikumenya kumbuyo nkubwerera kutsogolo mwamphamvu nthawi iliyonse mwawomba, zaka 80 zonsezi. Ikayamba kugwedera ndiye kuti chitsulo chophwanyidwa chija chatha kapena kamwendo kang'aluka, ndipo guluu sabweza chitsulo.

Mkulu uja zomwe anachita, ndinadzadziwa pambuyo pake, anangodontheza guluu kunja nkugogodapo ndi panchi, yatha. Loweruka lake tinapita ku range, malo owomberako mfuti, ine, apongozi, akazi anga ndi alamu anga omwe kale amandiona ngati za mfuti sindidziwapo kanthu. Range ya mkati, phokoso, fungo la wonga, aliyense zotseka m'makutu. Madala awomba magazine yoyamba bwinobwino akumwetulira, kundipatsa chala chachikulu. Yachiwiri ili pakati ndinangoona aima, aiyika mfuti pa tebulo, akuyang'anitsitsa pamwamba pa slide, avula magalasi, apukuta ndi malaya, avalanso. Akuganiza kuti ndi maso awo abale! Pomwe panali sight pangotsala kabowo. Ine thukuta kumsana chuu. Pansi makoko a zipolopolo ali mbwee, a anthu onse a tsiku limenelo, kachitsulo kake kakang'ono kakuda simenti yakenso yakuda. Ndinagwada munthu wamkulu ndi ana anga awiri kunyumba, ndikupapasa ndi tochi ya foni pamapazi pa apongozi, range officer nkubwera akukalipa kuti dzanja lako ladutsa mzere anthu akuwomberatu uku. Ndinamupempha aimitse kaye, anaimitsadi, anthu onse ayika mfuti pansi atembenuka akuonerera mwamuna wakuda akukwawa, alamu anga milomo ikunjenjemera kufuna kuseka. Kenako mnyamata wa pamalopo anabwera ndi chokolopera chake nkukankhira makoko onse kutsogolo uko komwe sitiloledwa kuponda, akuti tikaipeza tikuimbirani. Sanaimbe. Sight yomwe inachoka ku fakitale mu 1943 inapita mu ndowa ya makoko a zipolopolo. Apongozi bola akanakalipa, anangoti palibe kanthu mwana wanga, nkuikulunga mfuti mkansalu kake, mgalimoto njira yonse imayankhula ndi wailesi yokha.

Kubwerera kwa mkulu uja m'malo mopepesa akuti mwina mumawombera zipolopolo zamphamvu kwambiri. Mxii. Ball ammo wamba wa mu bokosi, yemweyo mfutiyo inapangidwira! Nkuti siyani ndikukonzerani ulere. Ulere umenewo ndi womwe unamaliza zonse. Anatenga sight ina yaitali yosakhala ya mfutiyo, kuipala ndi tupa kuti ilowe, nkuiwotcherera ndi silver solder, osaimba foni osafunsa. Kutsogolo kwa slide parkerizing, chopaka choteteza chitsulo ku dzimbiri, inapsa, mtundu wotuwa mobiriwira uja unasanduka mawanga a bulauni ndi pepo, iye nkupakapo cold blue, mankhwala odetsa chitsulo, kuti abise ngati ife tilibe maso. Chondipweteka kwambiri nchakuti ma slide a nthawi ya nkhondo sanawaumitse thupi lonse, kutsogolo ndi komwe anaumitsa, yanuyo mukaiyang'ana padzuwa mwina muona kuti kumapetoko mtundu ndi woderako pang'ono, chizindikiro chake nchimenecho. Malo omwewo ndi omwe iye anawotcha. Munthu ukudzitcha gunsmith osadziwa zimenezi, ukudya ndalama za anthu bwanji? Komanso poti sight inatalika mfuti inayamba kuwombera pansi, uloze pakati chipolopolo chikagwere m'munsi mwa pepala. Anthu otolera mfuti zakale akangoona mawanga amene aja mtengo amaugwetseratu, kaya frame, thupi la pansi la mfuti, ili bwino chotani, kaya chidindo cha FJA cha woyendera mfuti wa boma chikuoneka, alibe nazo.

Nde inuyo pitani nayo kwa gunsmith. Eya ndikudziwa ndangomaliza kumutukwana mmodzi, koma musaigogode nokha pa tebulo la kukhitchini. Kungoti mukafika musayambe ndi kumupatsa, mufunseni akuonetseni staking tool ya 1911, ndi kachitsulo kopindika kamene kamalowa kukamwa kwa slide nkukafika pansi pa tenon, ndi china chogwira sight kumwamba kuti isaphwanyike pomenya. Akayamba kukanda mutu, kapena atchule moto, kapena akuti tidule dovetail tiyike ya masiku ano, nyamulani slide yanu muzipita. Dovetail imagwira zoona sindikana, pa mfuti yogula dzulo ndi bwino, koma pa Ithaca ya nkhondo chitsulo chikadulidwa chadulidwa.

Musanapite taionani nokha. Chotsani magazine, onani chamber, momwe mumakhala chipolopolo, ndi maso ndi chala chomwe, kenako muchotse slide, bushing (kamphete kogwira barrel kutsogolo) ndi barrel, muwalitse tochi mkati pansi pa sight. Ngati kamwendo kakadali kathunthu mwayi wanu, amangokamenyanso nkukhala nayo sight yake yeniyeni, nchifukwa chake ndikuti musawomberenso ngakhale kamodzi mpaka itakonzedwa. Ngati kang'aluka palibe kuchitira mwina, mugule sight ina ya kamwendo kowonda, narrow tenon, ya msinkhu wa GI, osati zazitali zolemera zija, kamwendo kowonda sikazipirira. Wodziwa ntchito amayamba wakumba pang'ono mkati mozungulira kabowo kuti chitsulo chipeze potambasukira, akamenya amasalaza chotsalacho kuti bushing izilowa ndi kuzungulira osakodwa. Izi anandionetsa madala ena opuma ntchito omwe tinawapititsira ya apongozi ija, iwo anangoigwira nkupukusa mutu, akuti pano chotsala nkuipakanso yonse ndipo apongozi anakana.

Za guluu ndanena zija, chabwino, kadontho kamodzi ka guluu wa zitsulo, Loctite yofiira, pa tenon asanamenye sikalakwika, madala opuma ntchito aja amatero ndipo ine pa 1911 yanga yotchipa ndinachita zomwezo ndekha mu garaja ndi tool yobwereka, mpaka pano ili nganganga. Koma mutsuke kaye mafuta onse ndi acetone apo ayi siigwira, ndipo ikhale yothandizira kumenyako osati kulowa m'malo mwake. Ngati kwanuko kulibe munthu wa 1911, kuno ku America frame ndi yomwe lamulo la federal limaiwerenga ngati mfuti, slide yokha mutha kuitumiza pa positi kwa wodziwa, ingoonani kaye za state yanu. Ponyani chithunzi cha mkati mwa slide tione kamwendoko kali bwanji.