Mille Lacs yakuvutani? Nkhani ili pa kuwala, mphepo ndi pansi pa nyanja

Achimwene ena a ku Nkhotakota amene pano akukhala ku Minneapolis anditumizira imelo yodandaula. Akuti anzawo akuntchito anawatengera kukawedza ku Mille Lacs, nyanja ya ku Minnesota m'dziko la America, anakhala pa boti kuyambira 10 koloko mmawa mpaka dzuwa kupendeka koma nsomba yotchedwa walleye imene ankafuna olo imodzi sanaione, kenako atasunthira kufupi ndi udzu chinachake chinadya nyambo n'kudula chingwe ngati ndi lumo. Funso lawo ndi loti kodi nyanjayi muli nsombadi, nanga munthu wokulira kunyanja ngati iwowo akulakwitsa pati.

Achimwene, nsomba zilimo ndithu, ndipo chimene chinakudulirani chingwe chija ndi pike, nsomba ina ya mano akuthwa. Koma vuto lalikulu ndi loti munapita kukasaka nsomba ziwiri zosiyana makhalidwe ndi njira imodzi, nthawi imodzi, chingwe chimodzi. Walleye ndi pike zimakhala m'nyanja imodzi koma muziziona ngati maulendo awiri.

Tiyambe ndi nyanjayo. Mille Lacs ndi yotakata, pafupifupi ma ekala 132,000, koma ndi yosaya, pozama kwambiri ndi mafiti 42 basi, ngati mamita 13. Ukaiyang'ana uli m'tauni ya Garrison paja pali chiboliboli cha walleye, madzi amangooneka chimodzimodzi ponseponse ndiye munthu umangoima paliponse n'kuponya, pomwe pansipo pali miyala chakumtunda, pena nsangalabwi, ndiye chapakati pali zitunda za matope zimene eni ake amati mud flats. Walleye imakonda m'mphepete mwa zitunda zimenezi, pamene pansi pakutsetsereka kulowa kozama. Mukaphonya mzere umenewu ndi mamita ochepa chabe mukhoza kuswera tsiku lonse pamadzi opanda kanthu anzanu akukoka nsomba chapafupi pomwepo. Choncho mapu a pansi pa nyanja, kaya a pafoni kaya a pa fish finder, kachipangizo ka pa boti koonetsa pansi pa madzi, ndi ofunika kuposa ndodo yodula.

Kenako kuwala. Diso la walleye lili ndi kachigawo kumbuyo kamene kamabweza kuwala, n'chifukwa chake mukaiunika usiku maso amanyezimira, ndiye imaona bwino kukachita kamdima pamene tinsomba timene imadya sitikuona. Masana dzuwa lili phwee madzi ali bata imangokhala pansi osafuna zambiri. Ndipo nyanjayi madzi ake anayera kwambiri poyerekeza ndi kale, mwa zina chifukwa cha tinkhono totchedwa zebra mussel timene tinapezeka mmenemo mu 2005, timasefa madzi usana ndi usiku. Madzi akayera dzuwa limafika pansi, nsomba imakuonani ndi boti lanu lomwe. Nthawi imene munawedza ija ndi yoipitsitsa pa tsiku lonse. Pitani mbandakucha kapena chakumadzulo dzuwa likulowa, kapena tsiku la mitambo kuli kamphepo kogwedeza madzi pang'ono, kamene kamaswa kuwala n'kukankhira tinsomba ku miyala ya mbali imene mphepo ikuwombera.

Koma mphepoyo muisamale chonde. Nyanja yosaya komanso yopanda pobisala ngati imeneyi imautsa mafunde afupiafupi ophompha msangamsanga, ndipo mu May madzi amakhala akadali ozizira koopsa moti kudziwa kusambira kwa kwathu kuja sikungakuthandizeni nthawi yaitali. Laifu jaketi muzivala, osati kuikhalira.

Nyambo yake ine ndimakhulupirira msundu. Eya, misundu yomwe ija, amagulitsa m'mashopu a nyambo ku Isle, Garrison ndi kwina konse kuzungulira nyanjayi. Mumaukola ndi mbedza yaing'ono kumbali kuli kokakamirira kuja kuti uzisambirabe, n'kuika slip bobber, kachoyandama kamene kamatsetsereka pa chingwe mpaka pa mfundo imene mwamanga, ndiye mumasuntha mfundoyo kuti msundu ulendewere pang'ono chabe pamwamba pa miyala, mwina fiti imodzi. Walleye sikoka mwamphamvu ayi, mumangoona kachoyandama kaja kakumira pang'onopang'ono ngati kakuganiza kaye, apo musathamangire, kungani chingwe mpaka mumve kulemera kenako kwezani ndodo. Kukatentha nsomba zikasamukira ku matope kuja anthu amakoka nyongolotsi pang'onopang'ono kumbuyo kwa boti ndi kachitsulo kozungulira kutsogolo kwake. Poigwira samalani ndi chipsepse chapamsana, chimabaya.

Pike ndi nkhani ina. Taganizani mcheni koma wautali ngati mkono wonse kapena kuposa, mano ali mbwee mkamwa monse. Iyo siyendayenda pofuna chakudya, imabisala mu udzu wa m'madzi n'kudikira, ndiye muifune m'magombe olowa mkati ngati a ku Wahkon, Isle ndi Cove, m'mbali mwa udzu momwe madzi ayamba kuzama. Masana omwe aja amene walleye yakana ndi abwino kwa pike. Ponyani nyambo yachitsulo yooneka ngati supuni, yofiira ndi yoyera, kapena nyambo ya kansomba kokulirapo, koma pakati pa chingwe ndi mbedza pakhale kawaya, popanda kawayako mudzangodyetsa nyambo zanu zonse. Mukhalenso ndi pulayala yaitali yochotsera mbedza, zala musalowetse mkamwamo. Komanso mu Mille Lacs muli muskie imene imafanana nayo ndipo malamulo ake ndi ena: pike thupi lake ndi lobiriwira moderapo la madontho owala, ndipo kunsi kwa chibwano ili ndi timabowo tosapitirira 5 mbali iliyonse, muskie imakhala ndi 6 kapena kuposa. Nyama ya pike ndi yokoma, anthu amangoinyoza chifukwa cha minga yake ya mphanda, koma ife okulira pa nsomba minga siingatiopse.

Za malamulo ndikupempheni musazitenge mopepuka, chifukwa panyanjayi ndi nkhani yowawa. Walleye za mmenemo boma la Minnesota limagawana ndi a Ojibwe, mtundu wa eni nthaka a kumeneko, potsatira pangano la 1837, limene khoti lalikulu la America linatsimikiza mu 1999. Nsomba zitachepa, mu August 2015 a DNR, nthambi ya boma la Minnesota yoona zachilengedwe, anatseka kuwedza walleye nyengo isanathe, ndipo zaka zingapo zotsatira nthawi yotentha kunali kugwira n'kubweza basi. Eni malo ogona alendo analira nazo kwambiri. Mpaka pano kukula kwa nsomba yololedwa, chiwerengero chake ndi maola a usiku zimasinthasintha, ndiye musadalire zimene anakuuzani mnzanu chaka chatha, tsegulani tsamba la DNR tsiku lonyamukalo. Layisensi mugule, chingwe ndi chimodzi pa munthu nthawi imene madzi sanaundane, ndipo potuluka mukhuthule madzi onse m'boti kuti tinkhono tija musatinyamulire ku nyanja ina. Nsomba yoti mubweza muibweze msanga manja ali onyowa, makamaka mu July madzi akafunda, chifukwa zina zimakafera pansi ndipo zimenezo amaziwerengera pa gawo la owedza.

Ulendo wotsatira ine ndingakonde mulipire malo pa maboti akuluakulu aja amati launch, amanyamula gulu kwa maola angapo, ndodo ndi nyambo amapereka okha. Mukakwera musamangoyang'ana kachoyandama kanu, muziona pamene woyendetsa waponya nangula, mphepo ikuchokera kuti, ndipo mumufunse kuti pansipa ndi miyala kapena matope komanso ndi mafiti angati. Mukabwerako mundilembere zimene wakuyankhani.