Kolera si ya kuno kwathu kokha achimwene

Achimwene mwafunsa kuti bwanji kolera sakutha pomwe katemera alipo, komanso ngati ndi ife tokha aku Nsanje ndi Chikwawa amene tikuvutika nayo. Ayi ndithu. Ku Haiti inabuka mu 2010 patapita miyezi ingapo chivomezi chitachitika nkupha anthu pafupifupi 10,000, ku Yemen chifukwa cha nkhondo odwala anapitirira 1 miliyoni, ku Zambia komweku mu 2024 anachita kusandutsa Heroes Stadium ya ku Lusaka kukhala chipatala. Yathu ija inayamba mu Malichi 2022 ku Machinga inapha anthu oposa 1,700.

Katemerayo anali wochepa padziko lonse lapansi, moti mu Okutobala 2022 a WHO ndi anzawo anati anthu azingomwa dozi imodzi m'malo mwa awiri, ndiye chitetezo chake sichikhalitsa.

Koma ine ndimaona kuti nkhani yagona pa madzi basi. Shire ndi Ruo zikasefukira ngati nthawi ya namondwe Freddy ija zimbudzi zimagwa zonyansa nkulowa m'zitsime, anthu nkuunjikana pa kampu ku Bangula chimbudzi chimodzi chikhamu cha anthu, komanso mijigo ina kuno imatuluka madzi amchere ndiye amayi amangopita kukatunga kumtsinje konko, ng'ona kapena ayi. Abale athu aku Mozambique nawonso timayenderana daily, matenda safunsa chiphaso.

Inu thirani klorini mumtsuko, a HSA, alangizi a zaumoyo aja, amagawa ulere. Munthu akayamba kutsegula m'mimba zamadzimadzi ngati otsukira mpunga, mpatseni Thanzi ORS pompo muli pa kabaza kuthamangira kuchipatala, musadikire kuti kuche chifukwa maola ochepa chabe munthu amauma nkupita.